Matenanti a M'laputopu ya Amalume

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikireni m'manda amalume anga, a Yesaya Kachigwada, amene kwathu kuno ku Nsaru aliyense ankangowatchula kuti a Kalaliki. Abale akumana kukambirana za chiliza, ndipo pavuta ndi pa mawu oti alembedwepo. Ena akuti tilembe kuti anali mkulu wa mpingo, ena akuti tisadziputire nkhani. Ine andiuza kuti ndikhale chete, ati ndili ndi pakamwa. Chabwino, pamsonkhanopo ndakhaladi chete, koma pano ndiyankhula.

Amalume anali mlongo wa amayi anga, ndiye anali mwinimbumba wathu. Moyo wawo wonse sindinawamvepo akusirira galimoto kapena ng'ombe za munthu. Chimene ankasirira ndi maliro abwino. Musaseke, ndikunena zoona. Akachoka kumaliro ankafika pakhomo n'kuyamba kufotokoza ngati munthu wochokera ku mpira: kwaya yakuti imakoka nyimbo, mlaliki wakuti anatalikitsa, amayi a mpingo anachedwa kufika pasiwa. Akazi awo atamwalira, mpingo unaimba kuchokera pakhomo mpaka kumanda osapumira, ndipo iwo anatiuza ife ana a mlongo wawo kuti awo adzakhalenso otero, osawonjezera, osachotsera. Nyimbo zake anasankhiratu n'kutiphunzitsa, kuopa kuti tingadzawaimbire zolakwika iwo atagona osathanso kutidzudzula. Ankati munthu woikidwa popanda nyimbo sasiyana ndi mbuzi yofa yokha, yongokumbira dzenje kuseri kwa khola.

Ndiye tangoganizani munthu wotereyu, zaka zake zomaliza, atakhala pa benchi ya kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi, pamodzi ndi obwera mochedwa. Tsiku la mgonero ankatuluka mwakachetechete n'kukakhala pansi pa mtengo panja, chipewa chili pa bondo, kumatsatira nyimbo ndi milomo yokha. Anali ataimitsidwa. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti ukafa uli woimitsidwa mpingo subwera: abusa salalikira, amayi savala zoyera, buku la nyimbo silitsegulidwa. Iwo ankazidziwa zimenezi kuposa wina aliyense, poti kale ndi iwo omwe ankatumidwa kukauza mabanja ena uthenga woterewu. Ndipo chowaimitsa sichinali mowa kapena mitala ayi. Inali gemu ya pa kompyuta.

Gemuyi anakumana nayo ali kalaliki pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Namitete. Mu ofesi mutabwera kompyuta yoyamba, chibokosi chachikulu cholira ngati chigayo chakutali, mwana wa bwana anasiyamo masewero ake atabwera ku holide. Amalume, munthu wovala tayi ngakhale Lachiwiri wamba, anawapeza nthawi ya nkhomaliro, basi kugwidwa mtima kunali komweko. Inali gemu ya anthu anayi oyenda limodzi m'dziko lopeka, wina wa lupanga, wina wa uta, wina wodziwa mankhwala, wina wa matsenga. Umawayendetsa ndiwe podina mabatani. Amalowa m'mapanga, kumenyana ndi zilombo zolusa, kutola chuma, mpaka kukapha chinjoka cholavula moto. Akatopa umawapititsa ku nyumba ya alendo kukagona. Zithunzi zake zinali timabokosimabokosi, nkhope ya munthu yosasiyana ndi dzungu, koma amalume ankafotokoza dzikolo ngati malo amene anakakhalako ndithu.

Esiteti ija itatha anabwerera kumudzi ndi madisiki a gemuyo atawakulunga mu mpango. Anakhala nawo zaka, mpaka mwana wawo wa ku Lilongwe anawagulira laputopu ndi sola. Tsoka ilo, laputopuyo inalibe n'polowetsa disiki pomwe. Anadandaula ngati aferedwa. Kenako pofufuza pa intaneti anapeza kuti wamisala si iwo okha. Kunali anthu m'mayiko osiyanasiyana amene anaikonda gemu yomweyo ali achinyamata, ndipo ankaimanganso mwatsopano kuti iziyenda pa makina a lero, popanda wowalipira, wina kujambula mitengo, wina kukonza nyimbo, wina kulemba mawu. Zida zomangira ankagawana ulere. Amalume analowa gululo ali ndi imvi mutu wonse, kumalemba ndi zala ziwiri, magalasi atamanga ndi ulusi. Ankakonda kunena kuti chinthu chakale sichifa tsiku limene chawonongeka, chimafa tsiku limene wotsiriza wochikonda wasiya kuchikonza. Netiweki pakhomo pawo inali yovuta, ndiye masana munkawaona atakwera pachulu cha m'munda mwa aneba, foni ili m'mwamba, tayi ikuuluka.

Makani ndiye anali nawo, abale inu. Anakangana ndi gulu lonselo pa nkhani ya chakudya. Mu gemu yakale anthu aja ankayenda ndi buledi, ndipo amalume anawalembera anzawowo kuti palibe munthu angamenyane ndi chinjoka atadya buledi, ameneyo ndi wa tiyi. Anakangananso ndi mkulu wina wa kudziko kozizira amene ankati pomanganso gemu yakale suyenera kusintha kanthu, ngakhale zolakwika zake. Amalume anamufunsa ngati kwawoko pofolera nyumba mwatsopano amabwezeretsa udzu wowola. Atalephera kumvana, anatenga zida zija n'kuyamba yawoyawo, ya m'Chichewa. Malamulo a gemu anawasiya momwe analili, koma dziko analisamutsa. Mzinda wa mfumu unasanduka Msundwe tsiku la msika, mapanga anasanduka zigafa za fodya zazitali zamdima, kamba wa paulendo anakhala chimanga chokazinga ndi mbatata yootcha. Chinjoka chokha anachisiya, ati chimenecho chimapezeka kulikonse.

Ndi amayi anga ankakangana za batire. Sola ija inkathandiza mudzi wonse kutchaja mafoni, koma ntchito yawo ikafika pokoma amalume ankazula mafoni a anthu n'kulumikiza laputopu. Amayi ankawanena kuti munthu wamkulu, mbumba ikudikira kuti uiweruzire nkhani, iwe uli kalikiliki kuthamangitsa tizidole. Iwo ankangoyankha kuti alongo, dikirani ndiseve kaye, poti ukatseka osasunga pamene wafika zonse zimatayika. Mawu amenewo anasanduka nthabwala pabanja pathu. Mpaka lero mwana ukamutuma kumjigo amayamba wakuuza kuti aseve kaye.

Vuto linachokera pa anthu anayi aja. Mu gemu yakale anali ana a mafumu. Amalume anati ayi, kwathu kuno amene amalowa mumdima kukatulutsa chuma cha ena ndi matenanti. Ndiye anatenga amuna anayi amene anafera pa esiteti ija nthawi yawo, anthu obwera kuchokera maboma ena, amene anaikidwa m'mphepete mwa mabulugama popanda chiliza, malo amene mwini watsopano analimapo soya. Monga kalaliki, ndi iwo ankakagula nsalu ya maliro ndi kutumiza uthenga kwawo kwa omwalirawo, uthenga umene nthawi zambiri sunkafika. Zinkawapweteka zaka zonsezo. Anawajambula mmodzimmodzi n'kulemba pansi mayina amene ankadziwika nawo. Wa lupanga anali Waisoni Muhiwa wa ku Phalombe, amene chigafa chinamugwera nthawi ya mvula. Anamuveka chipewa chake cha mlaza chong'ambika mbali imodzi, n'kumupatsanso kayendedwe kake kotsimphina. Sanafunse munthu aliyense. Kwa iwo kunali kuwalemekeza, ndipo sanaganizeko n'komwe kuti wina angazione mwina.

Mkazi wa Waisoni, mayi Muhiwa, sanabwerere ku Phalombe. Anatsala kuno ndi ana, kumagwira maganyu mpaka anapeza kamalo kawo, ndipo tinkapemphera nawo mpingo umodzi. Tsiku lina m'mawa anabwera kudzatchaja foni. Ine ndinalipo, ndikusenda mtedza pakhonde. Analowa m'chipinda amalume ali pa tebulo, n'kuima kumbuyo kwawo kudikira. Pa sikirini panali kamunthu ka chipewa chong'ambika, kakutsimphina mumsewu, dzina lili pansi. Mayiwo kuwerenga amadziwa. Amalume akadina batani mwamuna wawo amakhota, akadinanso amanyamula katundu. Foni inagwa pansi. Anatuluka manja ali kumutu akulira maliro enieni, mpaka anthu anachoka m'minda kudzafunsa kuti watisiya ndani.

Pofika Lamulungu Nsaru yonse inkati a Kalaliki akusunga ndondocha mu laputopu, anthu akufa amene mfiti imawadzutsa kuti aziigwirira ntchito. Anthu anayamba kukumbukira zinthu: eti n'chifukwa chake esiteti ija inkakolola kwambiri, eti n'chifukwa chake mkuluyu amakwera pachulu dzuwa lili paliwombo. Ena omwe ankatchaja mafoni ulere zaka zonsezo anayamba kulambalala nyumba. Ine zinandipsetsa mtima mpaka ndinamulalatira mayi wina pachigayo anthu akuona, ndipo sindinapepese mpaka lero.

Akulu a mpingo anaitanitsa nkhaniyo. Kunena chilungamo, abusa za ndondochazo sankazikhulupirira, ankangofuna phokoso lithe. Amalume anapita ndi laputopu m'chikwama, atavala jekete, akusekerera, ali otsimikiza kuti akangowonetsa anthu mmene zimayendera nkhani ithera pomwepo. Ine ndinawaperekeza monga wa banja. Anafotokoza bwino zedi, kuti ndi zithunzi chabe, mulibe mzimu, ngakhale mwana wa sukulu angajambule zotere. Akulu ena anayamba kugwedeza mitu movomereza. Kenako abusa anafunsa mayi Muhiwa ngati ali ndi mawu. Mayiwo sanakalipe, za ufiti sanazitchule n'komwe. Anayang'ana sikirini, n'kufunsa amalume:

"Kodi a Kalaliki, m'menemo amapuma?"

Amalume bodza sankalidziwa. Anati amapuma akawapititsa ku nyumba ya alendo.

"Nanga mukapanda kuwapititsa?"

"Amangoima, kudikira."

"Kudikira inuyo, eti?"

Amalume anavomera ndi mutu.

"Bambo a ana anga anagwira ntchito moyo wawo wonse akuuzidwa ndi munthu kuti nyamula, khota, gona, dzuka. Ine ndinkati kumandako akupuma. Ndiye inu mwawalembanso ntchito."

Ndinayang'ana amalume, munthu amene sanagonjepo pa mkangano ndi aliyense. Anatseka laputopu pang'onopang'ono. Anapepesa kwa mayiwo, kupepesa kwenikweni, atagwada pa simenti ndi mawondo awo okalambawo. Ine misozi inandilengeza, poti sindinawaonepo atagwadira munthu.

Chigamulo chinali chosavuta: afufute anthu anayiwo pamaso pa akulu, nkhani ithe, abwerere pa mpando wawo. Batani limodzi lokha basi. Apa ndi pamene amalume anatidabwitsa tonse. Anati mayiwa anena zoona, anthuwa sagwiranso ntchito, gemu yathera pano, chinjoka chikhale ndi moyo. Koma kuwafufuta sangathe. Ati esiteti inawafufuta kale kamodzi, soya ali pamwamba pawo, ndipo iwo sangakhale munthu wowataya kachiwiri ali pamsewu wa eni. Anapempha kuti awalole awaperekeze kaye kwawo, aliyense kumudzi kwake, akamukhazike pansi, kenako adzatseka zonse pamaso pa aliyense wofuna kuona. Mkulu wina anafunsa kuti, inu nomwe mwati ndi zithunzi chabe, nanga chithunzi chimapita bwanji kwawo? Amalume anati funsolo ndi labwino ndipo yankho alibe, koma mtima wawo wakana. Abusa anawapatsa mpaka mgonero wotsatira. Mgonero unafika asanamalize, ndipo anaimitsidwa.

Anayamba ndi Waisoni. Amalume ku Phalombe anali asanapiteko, ndiye anandituma kukapempha mayi Muhiwa kuti abwere adzafotokoze mmene kwawo kulili. Poyamba anandibweza, koma patapita nthawi anabwera okha, n'kukhala pakhomo pa chipinda osalowa. Iwo ankanena, amalume n'kumajambula: phiri kuseri kwa nyumba, munda wa nandolo, mtengo wa mango pabwalo, mtondo pansi pake. Akalakwitsa mayiwo ankawadzudzula kuti phirilo mwalichepetsa, kwathu phiri limatseka dzuwa. Zitatha, amalume anamuyendetsa Waisoni ulendo womaliza. Anamulanda lupanga ndi katundu yense, anamukhazika pansi pa mango paja, kenako anachotsa mabatani ake onse kuti pasadzapezeke munthu womudzutsanso. Mayiwo anayang'ana nthawi yaitali. Anangoti chipewacho muwavule, pamthunzi munthu savala chipewa. Amalume anawavula.

Awiri ena anawatengera nthawi koma anatheka. Wina anali wa ku Ntcheu, wina wa ku Mangochi, ndipo amalume anapalasa njinga mpaka ku Kabudula ndi ku Mpingu kusaka matenanti akale amene ankawadziwa, kufunsa dzina la mudzi, mtsinje wake, mitengo yake. Wotsala anali wachinayi, wa uta uja, bambo wina wamtali wosayankhulayankhula amene pa esiteti ankangomutchula kuti Sinoya. Anafika yekha, anafa yekha ndi malungo, wopanda mkazi, wopanda mbale. Ena ankati ndi wa ku Nsanje, ena ankati anawoloka malire kuthawa nkhondo. Panalibe wodziwa ngakhale dzina lake lina.

Pamenepa ndiye tinawachonderera. Amayi anga analira, mwana wawo wa ku Lilongwe anabwera n'kuwaopseza kuti alanda laputopu. Abusa enieniwo anafika pakhomo n'kuwauza kuti a Kalaliki, jambulani mudzi uliwonse, muikepo mtengo, mumukhazike, adzadziwa ndani? Ine ndinagwirizana nawo abusawo, ndipo mpaka pano ndimaona kuti ananena zanzeru. Koma amalume anati kukhazika munthu pa mudzi wopeka ndi kumunamiza, adzakhala mlendo mpaka kalekale. Ndinapsa mtima. Ndinawakumbutsa nyimbo zawo zija, n'kuwafunsa ngati zonse ankatiphunzitsazo zinali zoseweretsa ana. Anavula magalasi n'kundiyankha motsitsa mawu:

"Nabanda, nyimbozo ndikuzifuna kuposa mmene ukuganizira. Koma ine ndikafa mudzadziwa kondiika. Iyeyu akumudziwa ndani?"

Ndinangotenga dengu langa n'kumapita.

Anapitiriza kufunsa. Aliyense wa ku Nsanje wobwera kudzagula soya ankamuimitsa, aliyense woyankhula Chisena pamsika ankamugulira tiyi. Palibe chinatuluka. Dzinja lina anagwa ndi sitiroko, dzanja lamanja linafa, mawu anasiya kumveka bwino. Akulu awiri a mpingo, anthu abwino ndithu, anabwera kudzawaona ali gone. Anatenga laputopu n'kuiika pa bedi, n'kuwauza kuti simuyenera kuchita kanthu, ingogwedezani mutu, batani lofufuta tidina ife, mawa lomwe dzina lanu libwerera mu mpingo. Ine ndinali nditagwada chakumiyendo, mumtima ndikupemphera kuti agwedeze. Amalume anawayang'ana akuluwo, anandiyang'ana ine, kenako anakweza dzanja lamanzere n'kuliika pamwamba pa laputopu. Silinachokepo mpaka alendowo anatsanzika. Patangopita masiku ochepa anatisiya.

Anthu kumaliro anabwera ambiri, ngakhale aja ankalambalala nyumba. Abusa anabwera opanda kolala, n'kukhala pakati pa azibambo ngati mneba wamba, maso ali pansi. Koma nyimbo panalibe. Sindinadziwe kuti njira ya kumanda kwathu ndi yaitali chonchija. Zinkangomveka ndi mapazi a anthu ndi kutsokomola, ndipo ine amene ndinkadziwa nyimbo zonse zimene anasankha ndinayenda nazo mumtima osaziimba. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Adzukulu atayamba kukwirira, kumbali ya azimayi kunamveka mawu amodzi. Anali mayi Muhiwa, atavala chitenje wamba. Ankaimba m'Chilomwe cha kwawo. Kaimbidwe kake tonse tinakazindikira kuti ndi ka m'tchalitchi, koma mawu ake panalibe wowadziwa, ndiye panalibe wowathandiza, panalibenso wowaletsa. Mawu awo anali osasa, penapake ankaduka, koma anaimba ndime zonse mpaka makasu atasiya. Munthu amene anasankha nyimbo zodzaza tsamba anapita ndi imodzi yokhayo.

Chipinda chawo chili momwe anachisiyira. Waya wa sola akulendewera pazenera, anthu anapeza kwina kotchajira. Pa tebulo pali magalasi, kapu ya tiyi yovundikira, ndi laputopu yofunditsidwa nsalu. Mpando wawo uli pomwepo, pokhalira patalowa m'kati. Sabata yatha ndinalowa kukasesa, ndipo mtima unandiuza kuti ndilumikize laputopuyo. Inayaka. Sinoya ali pomwe anamusiya, pageti pa esiteti, uta anamulanda kale, manja ali lende, akuyang'ana kumsewu. Amasuntha pang'ono, mwendo uwu, mwendo uwo, monga amachitira munthu amene waima nthawi yaitali. Batani lomuyendetsa sindilidziwa, ndipo ngakhale ndikanalidziwa, ndikanamulozera kuti? Pampandopo sindinakhalepo. Ndinasesa mouzungulira, ndinakokera chitseko, iye ali chiimire.